Za unesi wachanguwo, tamvera kaye suweni

Funso la msuweni pagulu la banja pa WhatsApp: "Achemwali a ku Indiana, accelerated BSN munachita ija amafuna mapepala ati polembetsa? Digiri yanga ya ku Chanco angailandire? Nanga makalasi amakhala masiku angati pa sabata?"

Halo... ikujambula? Eya. Suweni, uthenga wako ndauona mmawa ndikuweruka, koma kulemba ayi, zala zatopa ndi magulovu usiku wonse. Ndingolankhula, wotopa adumphe. Azakhali moni, ndikudziwa inu simudumpha kanthu.

Ndiye mapepala... aaa iwe, mapepala ukuwadziwa kale, suja unkandiwerengera wekha pafoni mu June. Koma poti wafunsa pagulu, ndiyankha pagulu. Pulogalamuyi, digiri ya unesi yachangu ya kuno ku America, ndi ya anthu oti digiri ali nayo kale, kaya ya zaulimi kaya ya mbiri yakale, alibe nazo ntchito. Yako ya Chanco imalowa, bola idutse kaye kwa oyesa mapepala akunja. Ambirife timapita ku WES, ndipo upemphe ya course-by-course, yoonetsa phunziro lililonse ndi giredi yake. Transikiripiti imachoka ku Zomba kupita kwa iwo, siidzera m'manja mwako, ndiye yambiratu lero. Kenako pali maphunziro oti ukhale utakhoza usanalowe: anatomy and physiology, mbali zonse ziwiri, microbiology, chemistry, statistics, ena amawonjezera nutrition. Ine ndinakatenga ku Ivy Tech, community college ya kuno ku Indiana, n'kotchipirako. Sayansi yakalekale masukulu ambiri saiwerengera, ikadutsa zaka 5 kapena 7 amati bwereza. Ndiye biology wako uja wa... unamaliza liti kodi? 2014? Iyayi, 2015, chaka chimene agogo anathyoka mwendo. Ameneyo muiwale.

GPA, avereji ya magiredi ako, ambiri amayambira pa 3.0. Ena amafuna mayeso a TEAS, mafunso 170, kuwerenga, masamu, sayansi ndi Chingerezi. Masukulu ena umalembetsa kudzera pa NursingCAS, webusaiti yolembetsera masukulu a unesi, ena pawokha. Eee, ndisanaiwale, TB. Kachipsera ka katemera wa BCG kali pamkono pakopo, enafe kamatiyalutsa pa mayeso obaya pakhungu aja, pamatupa ngati ukudwala. Upemphe a magazi, QuantiFERON, usavutike ndi kufotokoza.

Tsono funso lako lachitatu lija, la masiku angati pa sabata... hehe. Suweni iwe. Unaliika kumapeto ngati kanthu kakang'ono, eti?

Dikira, ndakumbuka amalume. Amalume aakulu, osati a ku Area 25. Iwe unali usanayambe sukulu, ine ndili Sitandade 6, nthawi ya Datsun yoyera ija. Azakhali mumati inali Toyota, ayi, inali Datsun, ndinaikankha ndi manja angawa. Tinapita ku Monkey Bay kukapikula usipa wouma, matumba mpaka kupitirira denga, oti tikagulitse pa Dedza mawa lake kukacha. Tafika pa Golomoti, anthu akuti bambo, ndi katundu ameneyu zungulirani, Khwekhwelele si njira yanu lero. Amalume akuti ayi, kuzungulira n'kuwononga petulo, chachidule ndi chomwechi. Chabwino, mwina tikanakwera ndithu. Koma mukuwadziwa amalume, mawu oti "malo palibe" sanabadwe nawo. Pa Golomoti pomwepo patulukira mlamu wa mlamu wawo ali ndi matumba awiri a chimanga. Kwerani. Amayi atatu opita kumaliro, ndi ndowa zawo. Kwerani. Mnyamata wina ali ndi mbuzi, sitikumudziwa n'komwe, wangoti "malume" basi, amalume mtima wasungunuka. Kwera mwanawe.

Abale inu, phiri limenelija. Galimoto ikulira ngati ng'ombe yoti ili pampeni. Ntchito yanga inali yonyamula mwala, ikangoima ndilumphe ndikatchinge tayala lakumbuyo. Ndinalumpha kaya kasanu kaya kasanu n'kamodzi, mpaka mawondo kusupuka. Pakhona ina chapakati, utsi woyera kuti fwaa kutsogolo. Madzi a mu radiyeta atha. Tathira a m'chigubu, atha. Amayi a kumaliro aja apereka awo akumwa, atha. Amalume ayang'ana chigubu cha thobwa... ayi, limenelo ndi bodza la achimwene, thobwa sanathire, anangoliyang'ana nthawi yaitali. Kenako mvula. Tenti tinali nayo imodzi, tifunde anthu kapena usipa? Amalume akuti anthu kaye. Tinagona pomwepo, mbuzi ili pamiyendo panga. Wachimanga uja kutacha anapeza lole n'kupita, ngakhale zikomo. Ife tafika pa Dedza dzuwa lili pamutu, usipa wanyowa, fungo lake agalu a pamsika kutilondola ngati ndife akwati. Tinadya usipa umenewo mwezi wathunthu, agogo osalankhula kanthu, kumangowaikira amalume mbale yodzadza. Mpaka lero ukawafunsa amati vuto linali petulo wa pa Golomoti. Amalume ngati mukumvera, pepani, koma sanali petulo.

Ndimati chiyani kodi... eya, masiku. Iwe sukufunsa masiku. Ukufunsa ngati ungasunge mashifiti ako ku nursing home uku ukuphunzira, kuti zakumudzi zisaime. Ndikunama? Yankho ndi ayi. Zimene anzathu amaphunzira za unesi zaka ziwiri, kuno amazipanikiza m'miyezi 12 mpaka 18, yanga inali 16, tchuthi chake n'chongopumira m'mwamba. Lolemba mpaka Lachisanu uli m'kalasi kapena mu labu, ma clinical ndi maola 12, hafu sikisi uli kale mu wodi, ndipo tsiku lake sasankha iwe, likhoza kugwa Loweruka. Mayeso pafupifupi sabata iliyonse. Masukulu ambiri ukalephera maphunziro awiri amakutulutsa, ngongole n'kukutsalira. Ndipo asanakulandire amakuuziratu okha kuti usagwire ntchito.

Ine ndinadziyesa wochenjera, mukundidziwa. Temu yoyamba ndinasunga Loweruka ndi Lamlungu, madabulo, mashifiti awiri motsatizana. Tsiku lina ndaweruka, ndafika pasukulu, ndati nditseke maso mphindi khumi m'galimoto, makadi a pharmacology ali pachifuwa. Wandidzutsa ndi mlonda akugogoda pagalasi, chipale chatseka windo yonse, mayeso ayamba kalekale. Ndinalira ngati mwana mu parking lot. Sabata yomweyo ndinasiya ntchito, ndipo mukukumbuka chaka chimene feteleza sanabwere kwa ine, ena munandikwiyira mpaka Khirisimasi. Chinali chimenecho. Sindinanene nthawi imeneyo, manyazi.

Ndiye pepala loyamba si la WES ayi, suweni. Werengera kaye lendi, inshuwalansi ya galimoto ndi chakudya cha chaka ndi theka, uone ngati zilipo. Pell Grant, thandizo la boma losabweza lija, usaiyembekeze, woti digiri ali nayo kale sapatsidwa, imatsala ndi ngongole. Chaka chino pamene ukutenga ma anatomy ako pang'onopang'ono, gwira madabulo, sunga. Ukangolowa, Airtel Money ya kumudzi izizira mpaka ulembe NCLEX, mayeso opezera laisensi ya unesi. Ameneyo ndi mafunso 85 kapena kupitirira, osadutsa 150, kompyuta imangozima yokha osakuuza ngati wakhoza... imeneyo nkhani ya tsiku lina.

Ndipo n'chifukwa chake ndayankhira pano osati kumbali. Azakhali, achimwene, nonse: mwanayu akalowa, chaka ndi theka musamuimbire za fizi, za malata, za mbewu. Iyeyu satha kukana, magazi ndi omwewo a pa Golomoti. Fizi ya mtsikana wa ku Bembeke ndinyamula ine matemu amenewo, zinazo gawanani, muli ambiri kumeneko.

Suweni wamva? Ntchito usiya, kutumiza usiya, miyezi 16 kaya 18. Ngati mtima sukulola, unesi suthawa, pali njira ya ADN, digiri yaing'ono ya unesi, ku community college, zaka ziwiri, NCLEX yake ndi yomweyo, ambiri amaichita akugwirako ntchito. Koma yachanguyi ayi. Chipinda chapansi kuno chilipo ngati lendi ikuvuta, bola mbale uzitsuka, suja kwa agogo unkabisala kuchimbudzi nthawi ya mbale. Basi, maso akutseka, ndikulowanso seveni madzulo. Azakhali, inali Datsun.