Kodi mabilu a dokotala angaulule ngati mwana akusamalidwa bwino?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Maryland, chimodzi mwa zigawo za dziko la America, ndi ana awiri. Anawo ali pa Medicaid, inshuwalansi ya boma ya mabanja opeza zochepa. Mayiwa anaona pepala loyerekezera makampani oyendetsa inshuwalansiyi, ena atapatsidwa nyenyezi zitatu pa kasamalidwe ka ana, ena imodzi. Funso lawo ndi lakuti: "Nanga akudziwa bwanji, poti palibe anabwerapo kudzaona ana angawa?"

Mayi, sanabwere ndipo musawayembekezere. Pali makolo ochepa amene amafunsidwa mafunso, koma zambiri amaziwerenga m'mabilu.

Mwana akaonedwa ndi dokotala, chipatala chimatumiza bilu kwa wolipira. Pa biluyo pamakhala tsiku, nambala yoimira matenda ndi nambala yoimira chimene chachitidwa, kaya ndi katemera, kuyeza magazi kapena kutsuka mano. Kogulitsa mankhwala nakonso amatumiza yawo. Tsono Medicaid, imene inayamba mu 1965, pamodzi ndi CHIP, inshuwalansi inanso ya boma ya ana imene inayamba mu 1997, zimasamalira ana oposa 30 miliyoni. Tangoganizani mulu wake. Mu 2009 lamulo lotchedwa CHIPRA linalamula kuti pakhale miyezo imodzi yoonera kasamalidwe ka ana onsewa, ndipo inatchedwa Child Core Set. Kwa zaka zambiri chigawo chilichonse chinkapereka lipoti la miyezoyi chikafuna. Kuyambira 2024 n'chikakamizo.

Miyezoyi ndi mafunso amene bilu ingayankhe. Kodi khanda lapita kusikelo kasanu n'kamodzi lisanapitirire miyezi 15? Kodi pofika zaka ziwiri labayidwa akatemera onse, nayezedwa mtovu m'magazi? Umene umandisangalatsa ine ndi wa mphumu. Amawerenga mankhwala onse a mphumu amene mwana watengeredwa pachaka, n'kuona ngati theka kapena kuposa ndi oteteza aja akumwa kapena kupopa tsiku ndi tsiku. Mwana amene akungotengeredwa opopa akabanika, ndiye kuti mphumuyo ikumulamulira, ndipo izi zimaonekera popanda wina kumuika chida pachifuwa. Apa ndiye ndimavula chipewa.

Koma bilu inalembedwa kuti wina alandire ndalama, osati kuti afotokoze za mwana wanu. Imanena kuti munalowa m'chipinda cha dokotala. Sinena ngati anakumverani, ngati panali womasulira, kapena ngati munatuluka mutamvetsa kamwedwe ka mankhwala. Imanena kuti mankhwala anatengedwa, koma ngati akungokhala m'kabati siidziwa. Ndiponso kumene dokotala amalandira ndalama yokhazikika pa mwana aliyense mwezi ndi mwezi, chidwi cholemba kalikonse pa bilu chimachepa, choncho ntchito ina imagwiridwa koma osaoneka. N'chifukwa chake pa miyezo ina, monga ya katemera, amatenganso mafailo ena a ana n'kuwawerenga ndi maso.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi china. Miyezo yambiri imawerenga ana okhawo amene akhala pa inshuwalansi chaka chonse, kupatula kampata kamodzi kosaposa masiku 45. Mwana amene makolo ake anasamuka, kalata yokonzanso inshuwalansi n'kupita ku adilesi yakale, iye n'kuchotsedwa miyezi itatu, m'chiwerengeromo mulibe. Komatu ndi yemweyo amene amaphonya sikelo ndi katemera. Nyenyezi zimatha kuwala chifukwa ovutikitsitsa sanawerengedwe n'komwe. Kuyambira Januwale 2024 lamulo likuti mwana akalembedwa akhalepo miyezi 12 osachotsedwa ngakhale malipiro a makolo atasintha, ndipo izi zithandizako.

Kwanu komweko ku Maryland, mu 2007, mnyamata wa zaka 12 anamwalira matenda a dzino atafika ku ubongo. Banja lake linavutika kupeza dokotala wa mano wolandira Medicaid, ndipo inshuwalansi yawo inali itadukizapo. Nkhaniyi inakambidwa mpaka ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku America. Chimene chikanaulula vuto lake si bilu imene inalipo ayi, koma imene kunalibe. Mabilu amathandiza ngati owerengawo ayamba ndi mndandanda wa ana onse olembedwa n'kufunsa kuti ndani sanaoneke.

Ndiye nyenyezizo muzigwiritse ntchito, makamaka pamene kampani ina ikutsalira chaka ndi chaka pa katemera kapena mano. Kusiyana kwa nyenyezi imodzi m'chaka chimodzi kusakusamutseni kwa dokotala amene ana anamuzolowera.

Munanenanso kuti wamkuluyo anabadwira ku Zomba. Akatemera amene anabayidwa kumeneko sangapezeke mu bilu iliyonse ya ku America, choncho pa makompyuta awo angaoneke ngati sanabayidwepo. Ngati kabuku kake ka kusikelo mudakali nako, pitani nako ulendo wotsatira, mupemphe namwino alowetse masikuwo mu ImmuNet, kaundula wa katemera wa ku Maryland. Musaiwale kukajambula ndi foni musanakapereke.