Mchere ukalowa mu mlatho amaudziwa bwanji?

Funso: Akulu, ndamva zoti mchere umadya milatho ya konkire. Nde mainjiniya amadziwa bwanji kuti walowa mkati, amachita kugumula mlathowo?

Yankho: Ayi achimwene, sagumula. Mcherewo umachokera ku madzi a m'nyanja zamchere kapena uja amathira m'misewu ya maiko ozizira kuti ayezi asungunuke, umalowa pang'onopang'ono mpaka kufika pa zitsulo zamkati, zitsulozo zimachita dzimbiri nkufufuma kenako konkire kuyamba kung'aluka.

Njira yophweka, amangokoka tcheni pamwamba pa mlatho nkumamvetsera. Pabwino pamalira ngwee, pomwe pafunduka mkati pamamveka ngati ng'oma. Koma apo zinthu zaonongeka kale.

Ine ndimaikonda njira yoyeza ndi magetsi yotchedwa half-cell. Amalumikiza waya ku chitsulo chimodzi chamkati, kunyowetsa konkire nkumayeza magetsi malo ndi malo pogunditsa kachipangizo ka kopa pa konkireyo, ndipo mita ikatsika kupitirira -350 mV (mamilivoti, muyeso wa timagetsi tating'ono) mwayi woti dzimbiri layamba umaposa 90 peresenti. Palinso radar (makina otumiza mafunde a wailesi mkati mwa konkire) yomwe amaiyendetsa pamwamba, mafunde ake amafooka pomwe pali chinyezi ndi mchere.

Komabe zonsezi zimangoloza pokayikitsa. Kuti adziwe kuchuluka kwenikweni kwa mchere amabowolabe timabowo pang'ono, fumbilo nkupita nalo ku labu.