Funsani Dokotala: Thukuta la Okutobala, Chilakolako cha Dothi ndi Miyendo Yowawa Mpira Utatha

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula za kutopa. Ndasankhapo anayi, ndipo ndiyamba ndi ya bambo wina wa ku Kanyama chifukwa ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri.

Adokotala, ndili ndi zaka 34 ndipo ndimakankha wilibala pa Soweto Market, kunyamula matumba a mbatata ndi kabichi kuchokera pomwe malole amatsitsira. Chiyambireni kutentha kuno, dzuwa likafika paliwombo mutu umandiwawa, akatumba a m'miyendo amakokana, ndipo mkodzo umatuluka pang'ono, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndimamwa mabotolo atatu a zakumwa zopatsa mphamvu patsiku, komanso mankhwala oletsa ululu a diclofenac m'mawa uliwonse kuti ndithe kugwira ntchito. Anzanga akuti ndi malungo. Nditani?

Bambo, malungowo kayezetseni ndithu, poti n'kubaya chala chabe ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Koma zimene mwalembazi zikundiuza kuti thupi lanu likuuma, ndipo impso zanu zili pamavuto tsiku ndi tsiku.

Minofu ikamagwira ntchito imatentha. Pa mphamvu zonse zimene imatenga mu nsima yomwe mwadya, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limakankha wilibala, zotsalazo zimasanduka kutentha. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37, ndiye moto umenewu uyenera kutuluka, ndipo khomo lake lalikulu ndi thukuta. Thukuta limaziziritsa likamauma pakhungu, monga mmene madzi a mumtsuko wadothi amazizirira chifukwa cha chinyezi chouma kunja kwa mtsukowo. Munthu wonyamula katundu padzuwa la Okutobala, pamene kutentha mu Lusaka muno kumapitirira madigiri 30, angathe kutaya lita imodzi, mwina malita awiri, pa ola limodzi lokha. Werengani maola amene mumakhala pamsika paja.

Madzi onsewo amachoka m'magazi. Magazi akachepa madzi, mtima umathamanga kuti ukwanitse kutumiza ochepawo ku minofu, kukhungu ndi ku ubongo, ndipo n'chimene chikukubweretserani mutu. Impso nazo zimayamba kuumira. Patsiku zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezera pafupifupi onse m'thupi, kungotaya lita imodzi ndi theka ngati mkodzo. Zikaona kuti madzi aperewera zimataya ochepa kwambiri, mkodzo n'kukhala wa mtundu mukunenawo.

Diclofenac ndi amene akundiopsa. Thupi likauma, impso zimadziteteza potsegula timitsempha tolowetsa magazi kuti zisasowe magazi osefa. Mankhwala a gulu la diclofenac ndi Brufen amatseka njira yodzitetezera imeneyi. Ndiye tangoganizani: madzi mulibe, dzuwa likuswa mtengo, thumba la makilogalamu 50 lili pawilibala, ndipo impso mwazimanga manja kuyambira m'mawa. Ndinalandirapo mnyamata wa ntchito ngati yanu, wamphamvu zedi, malaya ake ali ndi mizere yoyera ya mchere kumsana. Anali atatha tsiku lonse ndi usiku osakodza, nkhope itatupa, ndipo m'thumba la thalauza anali ndi kapepala ka mapiritsi omwewa. Anachira, koma anagona m'chipatala masiku ambiri, ndipo tinatsala pang'ono kumutumiza ku makina osefa magazi ku chipatala chachikulu cha UTH. Lekani kumwa diclofenac m'mawa uliwonse. Thupi likaphwanya kwambiri, Panadol ndi wabwinopo ku impso, malinga ngati simukupyola muyeso.

Kuti mudziwe madzi amene mukutaya, anyamata okhala ndi masikelo m'tauni aja angakuthandizeni. Dziyezeni m'mawa musanayambe ntchito ndiponso madzulo poweruka. Kilogalamu iliyonse imene yasowa ndi lita imodzi ya madzi. Munthu akataya 2 peresenti ya kulemera kwake mphamvu zimayamba kutsika, ndipo kwa munthu wa makilogalamu 65 ndiye kuti kilogalamu imodzi ndi pang'ono chabe. Mangirirani chigubu cha madzi pawilibala, muzimwa kapu imodzi pa mphindi 20 zilizonse osadikira ludzu. Madzi ozizira sayambitsa chibayo monga amanenera ena; chibayo chimabwera ndi tizilombo. Cholinga n'chakuti mkodzo ukhale wotuwa, ndipo muzikodza kangapo patsiku.

Mchere wotayika ndi thukuta umabwerera kudzera m'ndiwo, choncho musalumphe chakudya chamasana. Pa tsiku lotentha koopsa sungunulani paketi ya ORS, mchere ndi shuga wobwezera madzi m'thupi, mu lita imodzi ya madzi, kapena pangani nokha: lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Shuga pang'onoyo amathandiza matumbo kukoka mchere ndi madzi mwamsanga. Maheu, munkoyo ndi chibwantu nazo n'zabwino. Chachikulu madzi ake akhale owiritsa kapena othira klorini. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2024, pamene bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala cha kolera.

Zakumwa zopatsa mphamvuzo mulibe mphamvu yatsopano, muli kafini ndi shuga wambiri. Kafini amangobisa kutopa, n'kukubwezerani mtima wogunda ndi tulo tosakwana. Tsikani pang'onopang'ono mpaka botolo limodzi, kenako muleke, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumapweteketsa mutu kwa masiku angapo.

Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka padzuwa, khungu lili lotentha, mugonekeni pamthunzi, mum'vule malaya, mum'thire madzi thupi lonse n'kumamukupiza, kwinaku wina akufuna galimoto yopita kuchipatala. Pamenepo kutentha kwa thupi kumakhala kwafika madigiri 40, ndipo ubongo sungapirire nthawi yaitali. Inuyo, mkodzo ukada ngati Coca-Cola kapena mukatha tsiku osakodza, pitani tsiku lomwelo. Ngakhale zisanafike pamenepo, sabata ino kapempheni kukiliniki kuti akuyezeni BP, mkodzo ndi impso.

Adokotala, ndine mayi wa ana atatu wa ku Chawama. Ndikanyamula ndowa ya madzi kuchokera pampopi ndimachita befu, mtima kugunda mpaka m'makutu. Ndikapita kumwezi ndimatha masiku 8. Komanso ndili ndi chilakolako cha dothi, tsiku silipita osagula. Apongozi anga akundimwetsa madzi a masamba a kotapela kuti magazi achuluke. Kodi zithandiza?

Mayi, zikomo potchula za dothi. Ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, pamene kwa ife ndi chizindikiro chothandiza kwambiri. Chilakolako cha dothi, makala kapena ayezi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, ndipo kawirikawiri chimatha chokha ayironiyo akabwerera.

M'magazi muli maselo ofiira, ndipo mkati mwake muli himogulobini, imene kukiliniki amangoti Hb. Ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita ku minofu, ndipo thupi silingaipange popanda ayironi. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, likafa thupi limatola ayironi wake n'kumugwiritsanso ntchito. Koma magazi amene atuluka kunja amapita ndi ayironi wake. Masiku 8 mwezi uliwonse, kuwonjezera pa mimba zitatu, nkhokwe yanu ya ayironi inatha kale. Hb ikatsika, lita iliyonse ya magazi imanyamula okosijeni wochepa, ndiye mtima umayenera kuthamanga kuti ndowa ija ifike pakhomo. Kugunda mukumva m'makutu n'komweko. Lusaka ilinso pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekezera, choncho mpweya wa kuno ndi wopepukirapo pang'ono ndipo munthu wochepa magazi amamva msanga.

Imani pagalasi, mukokere pansi chikope cham'munsi. Mkati mwake muyenera kukhala mofiira. Mukakhala motuwa, ngati zikhatho nazo zayera, musachedwe. Bungwe la WHO limati Hb ya mayi wosayembekezera isatsike pansi pa 12, ya woyembekezera 11, ya bambo 13.

Apongozi anu akukufunirani zabwino, ndipo muwathokoze. Koma kufiira kwa madzi a masambawo ndi mtundu chabe, monganso zakumwa zofiira za m'mabotolo zimene anthu amagulira odwala. Magazi sapangidwa ndi mtundu. Dothi nalo likukubwezani m'mbuyo: limagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi, lingakhale ndi mazira a njoka zam'mimba, ndipo lina limakhala ndi mtovu. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukadali m'nthaka mpaka lero, ndipo dothi logula pamsika simudziwa komwe linakumbidwa.

Kukiliniki akakuyezeni Hb ndi malungo, akupatseni mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo mukanene poyera za masiku 8 aja. Msambo wochuluka chotero nthawi zina umabwera ndi zotupa za m'chiberekero, zimene zimaoneka pa sikani, ndipo njira zochepetsera magaziwo zilipo. Kumwa ayironi osatseka pomwe akutayikira kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulphate amadetsa chimbudzi, musaope, ndipo ena amawachititsa nseru kapena kudzimbidwa. Zikatero bwererani akusinthireni kamwedwe, osangosiya. Pitirizani kumwa kwa miyezi itatu Hb itabwerera kale, kuti nkhokwe idzadze. Muwaike patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri angafe.

Pa mbale, ayironi wolowa mosavuta ali m'chiwindi, nyama, nsomba ndi kapenta. Wa mu nyemba, bondwe, chibwabwa ndi kalembula amalowa movutirapo, koma tomato, mandimu, magwafa kapena mabuyu zimamuthandiza. Soda wothira m'ndiwo amawononga vitamini C wothandizayo. Tiyi musamwere pa chakudya kapena pa mapiritsi. Dikirani ola limodzi.

Adokotala, ndili ndi zaka 17, ndimasewera mpira m'timu ya achinyamata ku Matero. Tikachita maseŵera olimba Lolemba, miyendo imandiwawa kwambiri Lachitatu, moti kutsika masitepe kumavuta. Akochi amati ndi lactic acid. Tsiku lina ndinasanza titathamanga liwiro. Kodi ndili ndi matenda?

Ulibe matenda, mphwanga. Pa nkhani ya lactic acid akochi ako akunena zimene ambiri tinaphunzitsidwa kale, koma sayansi inapita patsogolo. Lactic acid, amene minofu imatulutsa ikamawotcha shuga mofulumira, amachuluka pamene ukuthamanga liwiro, ndipo pakatha ola limodzi amakhala atachoka m'magazi. Mtima ndi minofu zimamugwiritsanso ntchito ngati chakudya. Sangakudikire mpaka Lachitatu. Ululu wobwera mochedwawo umachokera ku timabala ting'onoting'ono ta m'minofu, makamaka pamene mnofu ukugwira ntchito uku ukutalika, monga poima mwadzidzidzi, potera ukalumpha, kapena potsika chitunda. Thupi likamakonza timabalato mnofu umatupa pang'ono, ndipo ululu umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Ukabwereza maseŵera omwewo sabata yotsatira suwawa chimodzimodzi, chifukwa mnofu wakonzedwa molimbirapo.

Kusanzako n'chifukwa chakuti pa liwiro lalikulu thupi limachotsa magazi ambiri kumimba n'kuwatumiza ku miyendo. Zimachitikira ndi akatswiri omwe kufika pothera penipeni. Mu 2022 pa maseŵera a Commonwealth ku Birmingham, wothamanga wa kuno ku Zambia Muzala Samukonga atamaliza mpikisano woyamba wa mamita 400 anachita kumuchotsa pabwalo pa njinga ya olumala, koma patangopita masiku ochepa anawina golide, ndipo mu 2024 pa maseŵera a Olimpiki ku Paris anabwera ndi mendulo ya buronzi. Usadye nsima patangotsala nthawi yochepa kuti ulowe m'bwalo. Pakhale maola awiri kapena atatu. Ukamaliza liwiro uziyenda pang'onopang'ono m'malo mongodzigwetsa pansi.

Lachitatu lowawalo yenda, thamanga mopepuka, idya mazira, nyemba, nsinjiro kapena kapenta, ndipo ugone maola osachepera 8, poti minofu imakonzedwa kwambiri m'tulo. Ufa wa mapuloteni wa m'masitolo sukufunika pa msinkhu wako. Ululu woti undiuze msanga ndi wina: wobaya malo amodzi mwadzidzidzi uli pakati pa mpira, bondo lotupa, kupweteka pachifuwa, kapena kukomoka ukuthamanga. Zimenezo usabwerere m'bwalo usanapimidwe.

Adokotala, ndimathamanga m'mawa uliwonse mumsewu wa Great East kwa zaka zisanu tsopano. Wotchi yanga ikuonetsa kuti mtima wanga umagunda ka 52 pa mphindi ndikakhala pansi, pamene ndinamva kuti uyenera kukhala pakati pa 60 ndi 100. Kodi mtima wanga wafooka?

Ayi bambo, walimba. Munthu akapuma, thupi limafuna magazi okwana malita pafupifupi 5 pa mphindi. Mtima wozolowera kuthamanga umatulutsa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndiye umakwanitsa malita omwewo ndi kugunda kochepa. Othamanga mitunda italiitali ena amatsika mpaka m'ma 40. Ngati simukumva chizungulire, simukukomoka, ndipo mtimawo umakwera bwinobwino mukayamba kuthamanga, palibe chodetsa nkhawa. Koma ngati mukumwa mankhwala a BP monga atenolol, amene amachepetsa kugunda kwa mtima, kapena mukamva kuti ukudumphadumpha, kapempheni akujambuleni ECG, yoonetsa kagundidwe ka mtima.