Njere zamera pa ngayaye, kodi ndi matenda?

Funso: M'munda mwanga mapesi angapo abereka njere pa ngayaye. Ena ngayaye zasanduka timasamba tophatikizana, pakati pali ufa wakuda ngati mwaye. Kodi matenda angasandutse duwa lalimuna kukhala lalikazi? Mlimi wa ku Nathenje, Lilongwe.

Yankho: Bambo, mwaona zinthu ziwiri zosiyana.

Duwa lililonse la chimanga limayamba lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi yomwe. Pa ngayaye, jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa) yotchedwa tasselseed2 imapha mbali yaikazi isanakule, n'kutsala yotulutsa mungu yokha. Ntchitoyi ikalephereka, ngayaye imamera ndevu n'kubereka njere. Izi zimachitika kawirikawiri pa mphukira za m'tsinde, ndipo mbewu imakhala ilibe matenda. Musadandaule nazo, mbalame ndizo zipindule.

Koma funso lanu lili ndi mfundo. Ku North America kuli udzu wotchedwa buffalograss, umene fangasi ina (kachilombo ka m'gulu la bowa ndi chuku) imafooketsa jini yofanana ndi ija mpaka duwa lalimuna kumera thumba la njere. Nkhani yake si yosangalatsa: m'thumbamo mumadzaza njere za fangasiyo. Pa duwa la ku Ulaya lotchedwa Silene latifolia zimachitika mosemphana. Mbewu yaikazi imamera timitu ta mungu todzaza ufa wa fangasi, ndipo tizilombo touluka tofuna timadzi totsekemera timaumwaza pa maluwa ena. Chibadwa cha mbewu sichisintha, fangasi imangosokoneza majini amene ayenera kugwira ntchito pa nthawiyo.

Mapesi anu a mwaye aja ndiwo akudwala, ndipo zizindikirozo ndi za fangasi yotchedwa Sporisorium reilianum. Fangasiyi imakhala m'nthaka, imalowa chimanga chikungomera, n'kumakwera mwakachetechete m'phesi mpaka nthawi yomasula. Ndiye imawononga ngayaye ndi chitsononkho chomwe, maluwa n'kubwerera kukhala masamba. N'chifukwa chake kupopera mankhwala mutaona mwaye n'kutaya ndalama: matenda analowa kalekale.

Zulani phesi lonse kachikopa kokuta ufawo kasanaphulike, mulivindikire thumba pomwepo, mukalitenthe kunja kwa munda. Musaliike pa kompositi kapena kudyetsa ng'ombe, chifukwa ufawo ungabwerere m'munda ndi manyowa. Umatha kukhala m'nthaka zaka zingapo, choncho pamalopo bzalani mtedza kapena soya nyengo zitatu, osati mapira, pakuti nawo amagwidwa ndi fangasi ya mtundu womwewu. Pobwezeretsa chimanga gulani mbewu yothira kale mankhwala, ndipo funsani alangizi a m'dera lanu mitundu yopirira matendawa.