Nyali yanu ikufika pati? Yankho kwa woyamba kumene kuyenda pa njinga yamoto usiku

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene wangogula njinga yamoto ya 150cc miyezi itatu yapitayo. Amagwira ntchito mumzinda wa Lilongwe, amakhala cha ku Nathenje, ndipo amaweruka 6 koloko madzulo. Funso lake ndi ili: "Masana ndimayenda bwinobwino, koma usiku ndimachita mantha. Nyali ikuoneka yochepa mphamvu, ndipo magalimoto obwera kutsogolo amandithobwa m'maso. Kodi ndigule babu lowala kwambiri la LED?"

Achimwene, mantha amenewo musawataye, ndi amene akukusungani. Za babu tifikako, koma vuto lalikulu ndi liwiro limene mukuyenda poyerekeza ndi pamene nyali yanu ikulekezera.

Tiwerengere limodzi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, njinga imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Kuchokera pamene diso laona chinthu kufika pamene dzanja lagwira buleki, usiku pamatha sekondi imodzi ndi theka, ndiye mamita 25 apita musanachite kanthu. Kuti njingayo iime pa phula louma pafunikanso mamita oposa 20. Zonse pamodzi ndi mamita pafupifupi 50. Tsono nyali ya dimu (younika pafupi) ya njinga zing'onozing'onozi, ya babu la mawati 35, imaonetsa bwino mamita 30 kapena 40 basi. Ndiye kuti chinthu chakuda chimene mwachiona pa liwiro la 60, mwachigunda kale. Pa makilomita 40 pa ola mumaima m'mamita osakwana 30, mkati mwa kuwala kwanu. Pa 80 pafunika mamita oposa 70. Yesani nokha: imikani njinga pamsewu wamdima wopanda magalimoto, mnzanu wovala zakuda ayende kutsogolo mpaka musiye kumuona bwino, kenaka muwerenge mapazi. Chiwerengero chimenecho ndicho chikuuzeni liwiro lanu la usiku.

Ndipo zinthu zakuda pa msewu wa M1 umene mumadutsawo sizisowa. Pali njinga zakapalasa zosenza matumba a makala opingasa, zopanda kanyali ngakhale kamodzi. Pali ngolo za ng'ombe zochokera kumsika, anthu oyenda pansi m'mphepete mwa phula, ena atamwa, mbuzi ndi agalu. Choopsa kuposa zonse ndi thiraki yofera pamsewu yopanda nyali. Mukaona nthambi zamasamba zitayalidwa pa phula, chepetsani liwiro pomwepo, musadikire kuona thirakiyo, chifukwa nthawi zina nthambizo amaziika pafupi kwambiri ndi galimotoyo. Mbuzi ikadutsa imodzi, yembekezani yachiwiri. Galu mudzamuona ndi maso ake onyezimira thupi lisanaoneke.

Tsopano za babu. Musathamangire kugula. Yambani mwaona kumene nyaliyo ikuloza, pakuti njinga zambiri zimaunika m'mitengo kapena pansi pa tayala lakutsogolo. Imikani njinga pamalo athyathyathya, mamita 5 kuchokera pakhoma, inuyo mutakhalapo. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, lembani mzere pakhomapo pa msinkhu womwewo. Mukayatsa dimu, pamwamba pa kuwalako pakhale masentimita 5 pansi pa mzerewo. Ngati sizili choncho, masulani bauti yosinthira nyali, ikonzeni, mumangenso. Mukanyamula munthu kapena thumba la chimanga kumbuyo, njinga imakhala pansi chakumbuyo ndipo nyali imadzuka, choncho yezaninso muli ndi katunduyo. Pukutani galasi la nyali tsiku lililonse. Fumbi ndi tizilombo tofera pamenepo zimadya kuwala kochuluka. Onaninso waya wa nthaka (wolumikizidwa ku chitsulo cha njinga) ndi timapini ta kuseri kwa babu ngati tachita dzimbiri.

Pa njinga zambiri za mtundu uwu nyali yakutsogolo imatenga magetsi mwachindunji kuchokera ku injini, osati ku batire. N'chifukwa chake imazilala injini ikamalira pang'ono, makamaka pamene mwachepetsa liwiro pa maenje, pomwe mukufunitsitsa kuona. Tsitsani giya kuti injini izizungulira mofulumira, nyali iwala. Babu la mawati 55 kapena 60 pa njinga yopangidwira 35 silithandiza: magetsi sakwana, ndipo kutentha kwake kumasungunula chogwirira babu. LED yotchipa nayo imamwaza kuwala ponseponse chifukwa mbale yonyezimira ya m'nyalimo anaipangira babu lakale. Pafupi pamawala kwambiri, patali pamakhalabe mdima, ndipo oyendetsa obwera kutsogolo amathobwedwa n'kukubwezerani fulu, nyali yawo younika patali ija. Pa njinga ya magetsi ochokera ku injini imathanso kuphethira kapena kupsa msanga. Ngati mukufunadi LED, apite nayo makaniko wodziwa magetsi, ndipo mukaiyeze pakhoma monga ndafotokozera. Babu lapadera ndi fyuzi zizikhala pansi pa mpando nthawi zonse.

Za kuthobwedwa m'maso: musayang'ane nyali za galimoto yobwerayo. Ponyani maso kumanzere, pa mzere wa m'mphepete kapena pamene phula lathera, ndipo bwezani mafuta galimotoyo isanafike. Ikadutsa, maso amatenga masekondi angapo kuti azolowerenso mdima, ndipo m'masekondi amenewo ndi momwe munthu amagunda wapanjinga yakapalasa amene anabisika m'kuwalako. Koma musathawire kunja kwenikweni kwa msewu. M'mphepete mwa phula ndi modyekadyeka, muli mchenga, ndipo tayala likagwera pamenepo kubwerera kwake n'kovuta. Galasi la helemeti likhale loyera. Lakuda lija ndi la masana okha, ndipo lokandikakandika limasandutsa nyali iliyonse kukhala nyenyezi yaikulu. Litsukeni ndi madzi a sopo ndi kansalu kofewa, osati kulipukuta louma ndi malaya. Kulitsegula n'kuyenda maso ali pamtunda sikuthandiza, makamaka nyengo ya ngumbi.

Mukaona nyali imodzi ikubwera, iyeseni galimoto yakufa diso limodzi mpaka mutatsimikiza. Ngati lafa ndi la kumanja kwake, theka la galimotoyo lili mumdima kumbali yanu. Nanunso oyendetsa galimoto amakusokonezani: nyali yanu imodzi imaoneka ngati galimoto imene ili kutali, ndiye amalowa mumsewu kapena kupitirira anzawo akuganiza kuti mpata ulipo. Pofika pa mphambano kapena pamalo ochitira malonda, zala ziwiri zikhale pa buleki.

Kumbuyo nako musakuiwale. Musananyamuke, gwirani buleki yakumanja, pondani yakuphazi, muone ngati nyali yofiira ikuyaka pa zonse ziwiri. Mukachepetsa liwiro ndi magiya okha nyaliyo siyaka, ndipo minibasi ya kumbuyo sidziwa kuti mukuima, choncho khudzani buleki pang'ono kawiri kapena katatu. Jekete yonyezimira ivalidwe pamwamba pa zonse, chikwama chisaiphimbe, ndipo katundu asatchinge nyali yakumbuyo.

Pokhota, njinga ikapendekeka nyali imapendekeka nayo, mbali imene mukukhoterayo imada. Malizani kuchepetsa liwiro njinga ikadali chilili. Dzenje usiku limaoneka ngati chigamba chakuda, ndipo ngati muli madzi kuya kwake simungakudziwe. Mukalephera kulipewa, gwirani buleki musanalifike, muisiye polowa, chiwongolero chili chowongoka.

M'miyezi ya June ndi July dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndiye ulendo wanu wonse ukhala wamumdima ndi wozizira. Zala zozizira zimachedwa pa buleki, valani magolovesi. Mukadzapitirira mpaka ku Dedza n'kukumana ndi chifunga, kapena utsi wa tchire lotenthedwa m'chilimwe, yendani ndi dimu, chifukwa fulu imabwerera m'maso mwanu. Ndipo popeza akuba njinga zamoto amakonda usiku, musaime pamalo achete chifukwa munthu wosamudziwa wakuimitsani. Ngati pali chofuna kukonza pa njinga, kaimeni pa malo omwetsera mafuta kapena pamene pali magetsi ndi anthu.