Tifunseni: A Louis Chimango ndi mpando wa Sipikala

*Agogo anga amakonda kutchula a Louis Chimango tikamamvera zokambirana za aphungu pawailesi. Kodi anali ndani kwenikweni, ndipo anakhala nthawi yaitali bwanji m'Nyumba ya Malamulo? — Wophunzira wa fomu 4, Dedza*

A Chimango ndi loya, ndipo asanalowe ndale ankaphunzitsa zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba. Analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1978, nthawi ya chipani chimodzi cha MCP, ndipo anakhalamo mpaka 2009, pomaliza akuimira dera la Lilongwe Mpenu Nkhoma. Ndi zaka zoposa 30 zimenezo, pansi pa atsogoleri atatu: Kamuzu Banda, Bakili Muluzi ndi Bingu wa Mutharika. Kuyambira 1987 mpaka 1994 anali nduna ya zachuma, ndiye kuti thumba la boma linali m'manja mwawo pamene mayiko otithandiza anaimitsa thandizo mu 1992 pofuna kuti ufulu wa anthu uzilemekezedwa.

Usipikala anaulandira pachisoni. Mu June 2005 Sipikala Rodwell Munyenyembe anakomoka ali pampando, aphungu akukokanakokana pa nkhani yofuna kuchotsa pulezidenti Bingu, ndipo patangopita masiku ochepa anamwalira ku chipatala ku Johannesburg. Aphungu anasankha a Chimango, a chipani chotsutsa, kuti atsirize nthawi yotsalayo. Pachisankho cha 2009 anagonja kudera kwawo, ndipo mpando wa Sipikala unapita kwa a Henry Chimunthu Banda.

*Ndimamva kuti a Chimango "analephera" kugwiritsa ntchito gawo 65. Ngati Sipikala ali ndi mphamvu, chinawamanga manja n'chiyani? — Mphunzitsi, Mzimba*

Funso ili ndi lomwe likufunika kulifotokoza modekha, chifukwa ambiri amaliyankha ndi mkwiyo chabe. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino likuti Sipikala alengeze kuti mpando ulibe mwini ngati phungu, amene anasankhidwa pa tikiti ya chipani china, wachoka m'chipanicho mwakufuna kwake kapena walowa chipani china chomwe chili m'Nyumbamo. Gawo lomwelo likutetezanso phungu amene wangovota mosemphana ndi chipani chake. Ameneyo mpando sataya.

Sipikala sadzuka m'mawa n'kuyamba kuthamangitsa anthu. Pamayenera kubwera dandaulo lolembedwa, kawirikawiri kuchokera ku chipani chomwe chathawidwa, limodzi ndi umboni: kalata yotsanzikira chipani, udindo umene munthuyo walandira kwina, kapena mawu amene ananena pamsonkhano atavala makaka a chipani chatsopano. Kenako Sipikala amalembera phunguyo kuti ayankhepo, ndipo chigamulo chimabwera mbali zonse zitamveka. Mpando ukatsala wopanda mwini, bungwe loyendetsa chisankho limakonza chisankho chachibwereza.

Apa ndi pamene zinthu zinkathera. Bingu atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP mu February 2005, aphungu ambiri anamutsatira, ndipo kuwachotsa kukanagwetsa mphamvu za boma m'Nyumbamo. Pulezidenti anatengera gawolo kukhoti kuti aliunike, ndipo mu June 2007 khoti la Suprimu linati gawolo lilibe vuto, Sipikala atha kuligwiritsa ntchito. Koma aphungu okhudzidwawo anathamangira kukatenga ziletso, ndipo chiletso chikangofika patebulo pa Sipikala, kupitiriza nkhaniyo ndi kunyoza khoti. Loya ngati a Chimango ankadziwa bwino mlandu umenewo.

Otsutsa nawo anaumirira kuti gawo 65 liyambe, bajeti pambuyo. Chaka cha boma chinkayamba pa 1 July, koma bajeti ya 2007/08 inadzadutsa mu September, anthu atachita zionetsero ndi kugona panja pa Nyumba ya Malamulo. Itangodutsa, pulezidenti anatseka zokambiranazo nkhani ya gawo 65 isanakhudzidwe. Kwa ife, kunena kuti a Chimango anachita mantha n'kuwalakwira. Chofooka chili m'lamulolo: limamupatsa Sipikala udindo, koma silimuuza chochita khoti likamuimitsa kapena Nyumba ikatsekedwa asanagamule.

*Kodi Sipikala amavota? Nanga aphungu atatopa naye angamuchotse? — Mayi wa ku Balaka*

Savota ngati aphungu ena onse, amayi. Voti yake imagwira ntchito pokhapokha mbali ziwiri zafanana ndendende, ndiye iye n'kudula mlandu. Ngakhale powerenga ngati aphungu akwana kuti zokambirana ziyambe, iye sawerengedwa.

Kumuchotsa n'kotheka, koma chiwerengero chake n'chachikulu: pamafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, osati okhawo amene abwera tsikulo. M'Nyumba ya aphungu 193 ya nthawi ya a Chimango, amenewo ndi mavoti 129. Amasiyanso mpando akasankhidwa kukhala nduna, kapena akaleka kukhala phungu. Malamulo anakhwimitsa dala chonchi kuti Sipikala athe kuuza nduna kuti ikhale pansi, kapena kulamula phungu wa chipani chake chomwe kuti atuluke, popanda kuopa kuti mawa lake amulanda mkanjo.