Wenela, Theba ndi mtchona: mawu a anthu opita ku Joni

Funso: Agogo anga aamuna anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ku Johannesburg. Iwo ankati anapita "pa Wenela", amalume amati anapita "pa Theba", pomwe ena m'mudzi ankawatcha mtchona. Kodi mawu atatuwa akunena chimodzi? (Wowerenga wa ku Ntcheu)

Yankho: Zikomo pofunsa, achimwene. Awiri oyambawo ndi apachibale, koma lachitatulo lili pa lokha, ndipo likhoza kupweteka munthu mukalitchula molakwika.

Golide atapezeka m'chaka cha 1886, Johannesburg anakula mwamsanga, ndipo eni migodi ankasowa manja. Anakhazikitsa bungwe lolemba anthu m'maiko oyandikana nawo, lotchedwa Witwatersrand Native Labour Association. Zilembo zake, WNLA, lilime lathu linazifewetsa n'kukhala Wenela. Mpaka lero mu Blantyre munthu amati "nditsikira pa Wenela", ngakhale sadziwa kuti dzinalo linachokera kwa olemba anthu a kumigodi. Theba ndi TEBA, dzina limene ntchito yomweyo inatenga mu 1977. Ndiye funsani chaka chimene agogo ananyamuka. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa ulendowu. Unayambanso mu 1977 n'kudzatha mu 1988. Amene anapita ngoziyo isanachitike ndi wa Wenela, wopita pambuyo pake ndi wa Theba.

Tsono mtchona. Liwuli lichokera ku mneni wakuti kutchona, kukhalitsa kuchilendo mpaka kwanu kukuiwala nkhope yako. Akakhala ambiri timati matchona, ndipo tilembe ndi "tch", osati "machona" monga m'mabuku akale. Wa Wenela ankasaina kontirakiti, ndipo gawo la malipiro ake ankalilandirira kuno kumudzi. Nthawi ikakwana ankabwera ndi bulangete, wailesi, njinga, n'kumanga nyumba ya malata. Ameneyo si mtchona ayi. Matchona ambiri anali aja opita "selufu", paokha, ena wapansi kudzera ku Southern Rhodesia (Zimbabwe wa lero), n'kukapeza ntchito zophika, za m'dimba kapena za m'mahotela, kukwatira komweko, makalata n'kuleka kufika. Ngati agogo anabwerera pa nthawi yake, dzinali silikuwayenera, ndipo ine sindingalitchule pamaso pa ana awo.

Pali liwu lina limene simunafunse koma ndi la ulendo womwewu: komboni. Lero limatanthauza malo okhala antchito a pa esiteti, ndipo ku Zambia limanena midzi yothithikana ya m'tauni. Pa mgodi komboni inali mpanda wa amuna okhaokha. Ankagona ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana, mkazi ndi ana osaloledwa. Ankatsika pansi kusanache, m'kutentha ndi fumbi la mwala, fumbi lomwe ambiri anabwera nalo m'chifuwa n'kumatsokomola mpaka imfa. Mchewa, Msotho, Mshangani ndi kapitawo wachizungu ankamvana m'Chifanakalo, chinenero cha ntchito chozikidwa pa Chizulu. N'chifukwa chake akuluakulu ena akapsa mtima ankatulutsa mawu amene adzukulu sankawamva.

Funso: Polemba, kodi ndilembe Joni kapena Johannesburg? (Mphunzitsi wa ku Dedza)

Yankho: Aphunzitsi, m'kalata ya ntchito kapena pophunzitsa malo lembani Johannesburg. Koma Joni musamuthire cholembera chofiira mwana akamulemba m'nthano kapena m'zokambirana za anthu. Onaninso kuti tanthauzo lake linakula. Mayi akati mwana wawo ali ku Joni, mwina ali ku Cape Town kapena ku Durban, chifukwa kwa ife Joni tsopano ndi South Africa yense. Wofuna kunena mzinda weniweniwo mumumva akuti Jubeki.